Ndalama imene mukutumizayo, ili ndi njira yobwerera?

Funso: "Mwana wanga wamkazi akuyamba maphunziro a ku koleji ndipo akufunika laputopu. Ndinaona ina yotsatsidwa pa Facebook, mtengo wake ndi theka la mtengo umene ndimaona kwina konse. Nditadina ndinafika pa webusaiti yokongola ndithu, ndipo mlongo wanga anati ndi yodalirika chifukwa adiresi yake ikuyamba ndi https komanso ili ndi kaloko. Koma nditafuna kulipira ndi khadi la kubanki, ananditumizira uthenga pa WhatsApp wakuti makina awo a makhadi awonongeka, ndingotumiza ndalamayo ku akaunti ina imene anandipatsa, ndipo andichotserakonso pang'ono ndikalipira lero lomwe. Mtima unakana, sindinatumize. Kodi ndaphonya mwayi? Nanga munthu ngati ine, amene sindinagulepo kanthu pa intaneti, ndingadziteteze bwanji?" Wofunsa ndi mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, palibe mwayi umene mwaphonya. Mtima wanu unakuuzani zoona, ndipo laputopu imeneyo muiiwale. Nkhani ngati yanuyi ndaimva kambirimbiri, ndipo kwa amene anatumiza ndalama imathera pamodzimodzi: nambala ya WhatsApp ija imasiya kuyankha, katundu safika, ndipo pakatha masabata angapo webusaitiyo imakhala itasowa. Ndikufuna ndikufotokozereni mmene anthu amenewa amachitira, kuti tsiku lina mukadzaona malonda okukopani mudzathe kuwayeza nokha.

Tiyambe ndi kaloko. Alongo anu anakuuzani zimene anthu ambiri anaphunzitsidwa, ndipo kale zinali zomveka. Chilembo cha s chimene chili kumapeto kwa https chimatanthauza kuti zimene mukulemba pa foni yanu zimabisidwa pa ulendo wopita ku kompyuta ya mwini webusaitiyo, kotero kuti munthu wa panjira sangaziwerenge. Ntchito yake imathera pamenepo. Zili ngati kalata yomatidwa bwino: wonyamula sangaitsegule, koma ngati mwailembera wakuba, ikafika m'manja mwa wakubayo ili yonse. Kale chiphaso chimene chimabweretsa kalokoko chinkagulidwa, ndiye akathyali ambiri sankavutika nacho. Chakumapeto kwa 2015, bungwe la Let's Encrypt linayamba kupereka ziphasozi mwaulere kwa aliyense amene ali ndi webusaiti. Zinathandiza kwambiri, chifukwa lero pafupifupi webusaiti iliyonse imabisa zimene mukulemba, koma mbava nazonso zimatenga chiphasocho m'mphindi zochepa. Kampani ya Google itafufuza mu 2021, inapeza kuti mwa anthu amene inawafunsa, 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankadziwa tanthauzo lenileni la kalokoko, ndipo mu 2023 inakachotsa mu Chrome n'kuikapo chizindikiro china. Choncho webusaiti ikakhala yopanda https, musalembepo nambala ya khadi. Ikakhala nayo, simunadziwebe kanthu za wogulitsayo.

Pamene nkhani yanu inaonekera poyera ndi pa uthenga uja wakuti makina a makhadi awonongeka. Sanawonongeke, mwinanso kulibe n'komwe. Munthuyo akukana khadi chifukwa ndalama ya pakhadi imapita itamangidwa chingwe chimene ingakokedwe nacho kubwerera kwa inu. Iye akufuna ndalama yopanda chingwe. Pa zonse zimene ndilembe pano, apa ndi pamene ndikufuna mugwiritsitse.

Mukalipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard, pakati pa inu ndi wogulitsa pamakhala ena atatu: banki yanu, kampani ya makhadiyo, ndi banki ya wogulitsa. Wogulitsa asanaloledwe kulandira ndalama za pamakhadi, amayenera kudziwika kubanki yake ndi kuvomera malamulo a makampani amenewa. Limodzi mwa malamulowo likuti katundu akapanda kufika, kapena akafika wosiyana kwambiri ndi amene munaitanitsa, kapena wina akagula ndi khadi lanu inu osadziwa, muli ndi ufulu wodandaula kubanki yanu. Banki imakufunsani umboni, imapititsa dandaulolo kubanki ya wogulitsa, ndipo wogulitsayo akalephera kuonetsa kuti anapereka katunduyo, ndalama imachotsedwa kwa iye n'kubwezedwa kwa inu. A kubanki amakutcha kubweza kumeneku kuti chargeback. Mawuwa muwaloweze, chifukwa mukawatchula, wokuthandizaniyo amadziwa nthawi yomweyo chimene mwabwerera. Nthawi yake ili ndi malire: pa milandu yambiri ndi masiku pafupifupi 120, ndipo mabanki ena amafuna mudandaule msanga kuposa pamenepo. Sikuti dandaulo lililonse limapambana, ndipo zimatha kutenga masabata, koma khomo lilipo.

PayPal, kampani yolipirira pa intaneti, nayonso ili ndi khomo lotere. Katundu akapanda kufika, mutha kudandaula pasanathe masiku 180 kuchokera tsiku limene munalipira. Koma muli msampha umene ogulitsa achinyengo amaudziwa bwino. PayPal ili ndi njira ziwiri zotumizira ndalama: yolipirira katundu ndi ntchito, ndi yotumizira achibale ndi anzanu, imene pa sikirini imalembedwa kuti Friends and Family. Yachiwiriyi ilibe chitetezo cha wogula. Wogulitsa akati "gwiritsani ntchito ya achibaleyo kuti asatidule ndalama", akukupemphani kuti mudule nokha chingwe chija.

Tsopano yerekezani ndi zimene anakuuzani inuyo, zotumiza ndalama ku akaunti ya munthu. M'gulu lomweli muli kutumiza ndalama pa foni, kutumiza kudzera ku makampani ngati Western Union, kugula makhadi a mphatso n'kumuwerengera manambala ake, ndi ndalama za pa intaneti ngati Bitcoin. Njira zimenezi zilibe tchimo. Zambiri zinapangidwira kutumizirana ndi anthu amene mukuwadziwa. Koma pamaso pa banki, munalamula ndinu kuti ndalamayo ipite, ndipo inapita kumene munailoza. Wolandirayo amaichotsa m'mphindi zochepa. Kawirikawiri akauntiyo siikhala yake n'komwe, imakhala ya munthu wina amene anapatsidwa kangachepe kuti abwereketse dzina lake. Mukamadzafika kubanki mawa lake, mumapeza muli mbee, ndipo mwini akauntiyo nayenso sadziwa nkhope ya amene anamutuma.

Makhadinso si ofanana. Khadi la ngongole likaberedwa, imene yatuluka ndi ndalama ya banki, ndipo inu mumatsutsa musanalipire. Khadi lotapira m'akaunti yanu likaberedwa, yatuluka ndi ndalama yanu yeniyeni, malipiro a mwezi kapena fizi ya mwana, ndipo mumadikira chilungamo muli chimanjamanja. Ngati khadi la ngongole mulibe, chitani zimene ndimachita ine: khalani ndi akaunti yaing'ono yapadera, kapena khadi lothiramo ndalama, ndipo muziikamo yokwana chinthu chimene mukufuna kugula basi. Mabanki ambiri amaperekanso khadi la m'foni lopanda pulasitiki, limene mutha kulizimitsa mukangomaliza kugula ndi kuliikira malire a ndalama. Apple Pay ndi Google Pay, njira zolipirira ndi foni, zimachitanso chinthu chanzeru: nthawi zambiri sizipereka nambala yeniyeni ya khadi lanu kwa wogulitsa, zimapereka nambala ina yoimira. Malamulo a boma amasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain, ndime 75 ya lamulo la ngongole la 1974 imaika kampani ya khadi la ngongole pa mlandu limodzi ndi wogulitsa pa katundu wa pakati pa £100 ndi £30,000, ndipo m'maiko a European Union wogula pa intaneti ali ndi masiku 14 osinthira maganizo pa katundu wambiri popanda kupereka chifukwa. Funsani banki yanu kuti khadi limene muli nalo limakutetezani mpaka pati, musanalifune chitetezocho.

M'kalata yanu muli mawu ena amene ndawaona: "lero lomwe". Wachinyengo amaopa usiku umodzi wokha, chifukwa munthu akagona amaganiza, amafunsa mnzake, amayang'ananso mtengo kwina. Ndiye amakuikirani wotchi yowerengera mphindi zotsala, amati zatsala ziwiri, amati wina akuifuna. Mtengo wa theka uja nawonso unayenera kukuimitsani. Pa zipangizo ngati laputopu ndi mafoni atsopano, phindu la wogulitsa limakhala lochepa, ndipo amene akugulitsa yatsopano pa theka la mtengo wa ena onse ndiye kuti akudziluzitsa dala, kapena katunduyo ndi wabodza, wakuba, kapenanso kulibe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Komanso kuoneka kwa malonda pa Facebook kapena pamwamba pa zotsatira za Google kumangosonyeza kuti wina walipira kuti aoneke. Makampaniwa amayesetsa kuchotsa achinyengo, koma ambiri amadutsa.

Nanga sitolo imene simukuidziwa mungaiyeze bwanji? Yambani ndi adiresi. Mukadutsa https ndi timizere take tiwiri, pezani kamzere kopendekeka koyamba, ndipo yang'anani mawu amene ali kumanzere kwake moyandikana nako. Amenewo ndiwo dzina lenileni la mwini webusaiti. Adiresi ngati amazon.com/laputopu ndi ya Amazon. Koma amazon.com.zotchipa-lero.xyz/laputopu si ya Amazon ngakhale pang'ono. Ndi ya munthu amene analembetsa dzina lakuti zotchipa-lero.xyz, ndipo mawu a kutsogoloko anangowaikapo kuti akuphimbeni m'maso. Pa foni vutoli limakula chifukwa sikirini ndi yaing'ono ndipo adiresi yaitali siioneka yonse. Palinso amene amasewera ndi zilembo: r ndi n zikagundana zimaoneka ngati m, ndipo nambala 0 imalowa m'malo mwa chilembo o. Mu 2017 katswiri wina wa makompyuta, Xudong Zheng, anaonetsa kuti n'zotheka kulembetsa dzina looneka ndendende ngati apple.com pogwiritsa ntchito zilembo zimene amalembera Chirasha. Chrome inatseka mpata umenewo, koma zinaonetsa kuti maso paokha angapusitsidwe. N'chifukwa chake ine sindilowera sitolo pa linki imene yandipeza mu meseji, mu imelo kapena m'malonda. Ndimalemba ndekha adiresiyo, kapena ndimatsegula pulogalamu ya sitoloyo imene ndinaitenga ku Play Store kapena App Store.

Chachiwiri ndi msinkhu wa webusaitiyo, ndipo ichi ndimachikonda chifukwa chimatenga mphindi imodzi. Bungwe la ICANN, limene limayang'anira mayina a pa intaneti, lili ndi tsamba lotchedwa lookup.icann.org. Mukalembapo dzina la webusaiti, makamaka yothera ndi .com, .net kapena .org, limakuonetsani tsiku limene dzinalo linalembetsedwa. Sitolo imene ikudzitama kuti yatumikira anthu kwa zaka 10, koma dzina lake linalembetsedwa masabata atatu apitawo, yadziulula yokha. Yesaninso zithunzi zake ndi Google Lens, chida cha Google chofufuzira kumene chithunzi chikupezekanso pa intaneti: mukapeza chithunzi chomwecho cha laputopu, pa tebulo lomwelo, pa mawebusaiti ena asanu a mayina osiyana, mwapeza yankho. Onaninso ngati pali adiresi ya malo enieni ndi nambala ya foni imene munthu amayankha, ndipo werengani zimene alemba pa nkhani yobweza katundu. Achinyengo ambiri amangokopera mawu amenewa kwina, mpaka nthawi zina amaiwala kuchotsa dzina la sitolo imene anawabera.

Ndemanga za ogula muziziwerenga ndi diso limodzi lotsegula. Zimene zili pa webusaiti ya wogulitsayo, mwini wake angathe kudzilembera yekha. Ngakhale pa misika ikuluikulu, ndemanga zimagulidwa: mu 2022 Amazon inasumira oyang'anira magulu a pa Facebook oposa 10,000 amene ankalemba anthu ganyu yoyamikira katundu, ndipo mu 2024 bungwe la boma la America loteteza ogula, la FTC, linakhazikitsa lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zabodza. Ine ndimayamba ndi ndemanga za nyenyezi imodzi kapena ziwiri. Anthu asanu osadziwana akamadandaula chinthu chimodzimodzi, ndimawakhulupirira kuposa anthu 500 amene angolemba kuti "zabwino kwambiri" m'sabata imodzi. Lembaninso dzina la sitoloyo pa Google pamodzi ndi mawu akuti scam, muone zimene ena anakumana nazo.

Pa misika ya ogulitsa ambiri, ngati eBay, AliExpress kapena Amazon, chitetezo chanu chimagwira ntchito pokhapokha ngati mwakambirana ndi kulipira mkati mwa msikawo. Wogulitsa akati tituluke tikakambirane pa WhatsApp, ndikuchotserani mtengo, akukutulutsani pamaso pa amene akanakuweruzirani mlandu. Ndipo musadine batani lovomereza kuti katundu wafika musanamutsegule ndi kumuyesa.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chimandiwawa kwambiri, chifukwa chimagwetsa ngakhale anthu osamala. Mukamalipira ndi khadi, nthawi zambiri banki imakutumizirani nambala ya kanthawi pa foni, imene ambiri amaitcha OTP, kapena imakupemphani kuti muvomereze m'pulogalamu yake. Njira imeneyi imatchedwa 3-D Secure. Visa inaiyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi dzina lakuti Verified by Visa, lero ndi Visa Secure, ndipo ya Mastercard imatchedwa Identity Check. Cholinga chake n'chakuti wakuba, ngakhale atadziwa nambala ya khadi lanu, tsiku lothera ntchito ndi manambala atatu a kumbuyo aja, aimebe pakhomo chifukwa foni ili m'manja mwanu. Poona kuti khomolo sangalithyole, amakuimbirani kuti mumutsegulire.

Ndinathandizapo bambo wina wachikulire, munthu amene amasunga lisiti lililonse m'envelopu. Anawaimbira foni munthu wa mawu aulemu, anawatchula dzina lawo lonse ndi manambala anayi omaliza a khadi lawo, n'kuwauza kuti wina akufuna kugula katundu ndi khadi lawolo pa nthawi yomweyo. Anati kuti aletse, bambowo awerenge nambala imene yangolowa pa foni. Anawerenga. Nambalayo inali yovomerezera kugula kumene wakubayo ankachita iwo ali pa foni. Atabwera kwa ine anandionetsa mesejiyo, ndipo inali italemba momveka bwino kuchuluka kwa ndalama, dzina la sitolo, ndi chenjezo lakuti asauze munthu. Iwo anaona manambala okha, chifukwa mantha anali atawagwira. Chimene chinawapweteka kwambiri chinali manyazi, moti anakhala masiku awiri osauza aliyense, ndipo masiku awiri amenewo ndi amene akanathandiza.

Mayi, nambala imeneyo ntchito yake ndi kutulutsa ndalama. Palibe nambala yoletsera kugula imene mumayenera kuwerengera munthu, palibenso yolandirira ndalama. Wa kubanki weniweni sangakufunseni nambalayo, kapena PIN, kapena pasiwedi. Meseji ikabwera, iwerengeni yonse: ndalama zingati, kupita kwa ndani. Munthu akakuimbirani kuti ndi wa kubanki, dulani foni, ndipo imbani nokha nambala imene ili kumbuyo kwa khadi lanu. Musadalire nambala imene yaoneka pa sikirini poitana, chifukwa imatheka kuinamizira. Wina akakuuzani kuti muike pulogalamu ngati AnyDesk kapena TeamViewer kuti akuthandizeni kubweza ndalama, kanani. Mapulogalamuwa ndi enieni, akatswiri amakonzera makompyuta ali kutali, koma mukamulola amaona ndi kugwira zonse za pa foni yanu. Ndipo foni yanu ikangotaya netiweki kwa nthawi yaitali pamene za ena pafupi nanu zikugwira, imbirani kampani ya foni mwachangu ndi foni ina. Nthawi zina ndi chizindikiro chakuti wina wanamiza kampaniyo n'kusamutsira nambala yanu pa simu khadi yake, kuti ma OTP anu azifikira kwa iye.

Mukagula n'kumadikira katundu, pamabwera msampha wina: meseji yonamizira DHL, FedEx kapena positi ofesi, yakuti phukusi lanu laima, lipirani kandalama kochepa pa linki iyi. Kandalamako sikamene akufuna, akufuna manambala a khadi amene mulembe. Mauthenga amenewa amangowamwaza kwa anthu miyandamiyanda, podziwa kuti ena mwa iwo akudikiradi katundu. Tengani nambala yolondolera phukusi imene sitolo inakupatsani, mukailembe nokha pa webusaiti ya kampani yonyamulayo. Msonkho weniweni wa katundu wochokera kunja ulipo, koma muutsimikizire kumeneko.

Ndingakhale ndakunamizani nditati mukasankha sitolo yodziwika ndiye kuti mwatha. Mu 2018 mbava zinalowetsa kachidutswa ka pulogalamu pa webusaiti yeniyeni ya British Airways, kamene kankakopera manambala a makhadi pamene anthu ankalipira matikiti. Anthu oposa 400,000 anakhudzidwa, ndipo mu 2020 bungwe la ku Britain loteteza zinsinsi za anthu linalipiritsa kampaniyo chindapusa cha £20 miliyoni. Ogulawo sanalakwitse kanthu: adiresi inali yoona, kaloko kanalipo. Chimene chimapulumutsa munthu pa vuto lotere ndi kuona msanga. Yatsani mauthenga a banki okudziwitsani ndalama ikangotuluka, ndipo musanyoze kandalama kakang'ono kamene simukukadziwa, chifukwa mbava zimayamba ndi kochepa poyesa ngati khadi likugwira. Malamulo a makampani a makhadi, otchedwa PCI DSS, amaletsa sitolo kusunga manambala atatu a kumbuyo aja kulipira kukangovomerezedwa. Ngakhale zili choncho, sitolo imene ndimagulako kamodzi pa chaka sindiilola kusunga khadi langa.

Mu 2014 eBay inapempha anthu pafupifupi 145 miliyoni kuti asinthe mapasiwedi awo itaberedwa zinsinsi. Zoterezi zikachitika, mbava zimatenga maimelo ndi mapasiwedi amene zapeza n'kumawayesa pa mawebusaiti ena ndi makina. Amene amagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi paliponse amaberedwa pa sitolo imene siinathyoledwe n'komwe. Ndiye sitolo iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake. Palibe munthu angaloweze zonsezo, ndipo simukufunika kutero: foni ya Android kapena iPhone ili kale ndi kosungira mapasiwedi, ndipo kosungirako kali ndi ubwino wina umene ambiri saudziwa. Sikalemba pasiwedi yanu pa webusaiti yonamizira, chifukwa kamayang'ana adiresi yeniyeni pamene inu mukuyang'ana maonekedwe. Kakakana kulemba pa tsamba limene mumalidziwa, imani kaye. Koposa zonse tetezani imelo yanu, chifukwa amene walowa mu imelo angathe kusintha mapasiwedi a masitolo anu onse. Iikireni pasiwedi yaitali ndi kutsimikizira kwachiwiri, monga nambala yobwera pa foni mukamalowa, ndipo kumene akukupatsani mwayi wa passkey, yolowera ndi chala kapena nkhope, uvomereni. Mukafuna kudziwa ngati imelo yanu inatulukapo m'zinsinsi zobedwa, pali webusaiti yaulere ya Have I Been Pwned imene Troy Hunt wa ku Australia anaiyambitsa mu 2013.

Za Wi-Fi ya pagulu anthu amaziopa kuposa mmene zilili lero, popeza https inachepetsa vutolo, ngakhale ine polipira ndimakondabe data ya pa foni yanga. Choopsa kwambiri ndi kompyuta kapena foni ya munthu wina, imene ingasunge zonse zimene mwalemba. Foni yanu ikapempha kuika zatsopano zokonza chitetezo, musazengereze.

Tsiku lina zikadzakuchitikirani, chifukwa zimachitikira ngakhale ife amene timaphunzitsa ena, ola loyamba ndi lofunika kuposa sabata yotsatira. Zimitsani khadi m'pulogalamu ya banki kapena imbani kuti alitseke. Ngati munatumiza ku akaunti kapena pa foni, nenani nthawi yomweyo; ndalama ikakhala isanachotsedwe, nthawi zina amatha kuigwira. Jambulani zonse zisanafufutidwe: malondawo, adiresi ya webusaiti, zokambirana, lisiti, dzina ndi nambala ya akaunti yolandira. Sinthani pasiwedi imene munalemba kumeneko ndi kwina kulikonse kumene munaigwiritsa ntchito, ndipo kanenani ku polisi, chifukwa banki ingafune lipoti lawo. Samalaninso ndi anthu amene amabwera pambuyo pake kuti angakubwezereni ndalama zanu mukawalipira kaye. Mayina a anthu oberedwa amagulitsidwa, ndipo obwera kachiwiriwo nthawi zambiri amakhala a gulu lomwelo.

Tibwerere kwa mwana wanu. Mumufunse kaye kuti maphunziro akewo akufuna laputopu ya mphamvu yotani, kuti musalipirire zimene sadzagwiritsa ntchito. Kenako yang'anani pa webusaiti ya opanga, monga HP, Lenovo kapena Dell, muone ogulitsa amene iwo amawavomereza. Ndalama ikachepa, pali malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito amene anakonzedwanso ndipo amagulitsidwa ndi chitsimikizo (waranti) cha miyezi ingapo; kumeneko ndi kumene mtengo wotsika umakhala woona. Popeza simunagulepo pa intaneti, yambani ndi kanthu kakang'ono, monga chikwama cha laputopuyo, pa sitolo yomweyo, kuti muone mmene OTP imabwerera, mmene lisiti limafikira ndi masiku amene katundu amatenga. Ikafika laputopuyo, jambulani vidiyo pamene mukutsegula bokosi, ndipo nambala yake yapadera mukailembe pa webusaiti ya opangawo kuti muone ngati chitsimikizo chake chilipodi.

Uthenga wa pa WhatsApp uja musaufufute msanga. Ujambuleni, nenezani malondawo kwa Facebook pa batani lawo lodandaulira, ndipo nambala ya akaunti imene anakupatsaniyo mukaipereke kubanki imene ili akauntiyo. Malonda amene munaona inu akuonekanso pa mafoni a makolo ena amene ana awo akuyamba koleji, ndipo akauntiyo ikatsekedwa sabata ino, ena mwa iwo ndalama zawo zikanika kupita. Alongo anunso muwaonetse za kaloko zija, ndipo muwaphunzitse kuwerenga adiresi kuchokera pa kamzere kopendekeka.